ZA MAPHUNZIRO NDI NCHITO: Mphunzitsi wa Kanema Wolembedwa Ganyu pa Yunivesiti

Akulu-akulu ambiri a m'midzi ya ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke akumbukirabe masiku amene galimoto ya kanema inali kufika kwao. Uthenga unali kudzera kwa anyakwawa dzuwa lili pamutu, ndipo pofika cisisira bwalo la sukulu linali litadzaza. Amai anali kubwera ndi mphasa, amuna ndi timipando tao, ana ndi kukhala patsogolo m'fumbi. Injini ikangolira, nsalu yoyera imene anaipacika pamitengo inali kusanduka dziko lina, ndipo womasulira anali kufotokoza m'ciNyanja zimene anthu a pansalupo anali kucita. M'mawa mwace galimoto inali kupita, koma nkhani ya kanemayo inali kukambidwa kudambo ndi kumunda mwezi wathunthu.

Lero ena mwa adzukulu a ana aja anali kukhala m'fumbi anafika pa yunivesiti, naphunzira za kanema yemweyo, ndipo owerengeka a iwo aitanidwa kukaphunzitsa anzao. Mbiri yotere ikafika kumudzi kumakhala cimwemwe. Nkhuku imaphedwa, ndipo makolo amayenda mapewa ali m'mwamba, pakuti mwana wao tsopano ndi mphunzitsi wa pa yunivesiti. Koma miyezi ikapita, nthawi ya feteleza ndi kufika popanda ndalama yocokera ku Lusaka, mau amasintha. Ena amayamba kunena kuti mwanayo wataya kwao, ena kuti tauni yamudya, ndipo ena amaloza cala mkazi kapena mwamuna wace.

Kawiri-kawiri mwanayo alibe mlandu. Iye sanalembedwe nchito yokhazikika: analembedwa kwa miyezi yowerengeka cabe, ndipo malipiro ace amawerengedwa pa ora. Danga lino sabata ino lifotokoza za nchito imeneyi, kumene inacokera, ndi zimene banja liyenera kudziwa lisanaweruze mwana wao.

Kodi kanema ndi wophunziranso?

Funso loyamba limene makolo amafunsa ndi lakuti kodi munthu amaphunziranji pa cinthu cimene ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga amaonera ndi kumva. Maphunziro a kanema ali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya manja: kulemba nkhani, kugwira kamera, kujambula mau, kuika nyale, ndi kudula zithunzi ndi kuzilumikiza kuti zikambe nkhani imodzi. Mbali yaciwiri ndi ya maganizo: kudziwa mbiri ya makanema, ndi kufunsa kuti anapanga kanemayu ndani, ndalama anapereka ndani, anafuna kuti woonera akhulupirire ciani, ndipo ndi ziti zimene anazisiya kunja kwa cithunzi.

Mbiri ya dziko lino ionetsa kuti mafunso amenewa si amasewera. M'zaka za 1935 mpaka 1937 kunali nchito yochedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene likulu lace linali ku Vugiri m'dziko la Tanganyika. Amishoni ndi amene anaiyambitsa, ndi thandizo la ndalama la bungwe la Carnegie la ku Amereka pamodzi ndi makampani a migodi ya kuno. Anapanga makanema okwana ngati 35, nawayendetsa pa lole m'Tanganyika, Kenya, Uganda, Nyasaland ndi Northern Rhodesia, ndipo mau ofotokozera anali kuwajambula pa mbale za galamafoni m'zilankhulo zingapo, kuphatikizapo ciNyanja ndi ciBemba. Makanemawo anali kuphunzitsa za kusunga ndalama ku positi, za ukhondo, za kalimidwe ndi za msonkho.

Kucokera mu 1948 mpaka 1963 nchito yofananayo inali m'manja mwa Central African Film Unit, imene likulu lace linali ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare. Mwa makanema ace munali Mulenga Goes to Town, nkhani ya mnyamata wa kumudzi amene aona mabvuto m'tauni, ndi Lusaka Calling, wokopa anthu kuti agule kawailesi kochipa kaja kanali kufanana ndi sefuliya. Phunziro la makanema ambiri otere linali limodzi: munthu wanzeru amvera mlangizi wa boma napeza bwino, wopusa akana nagwa m'tsoka. Sanali kunenapo za malo amene analandidwa, kapena za kusiyana kwa malipiro a mzungu ndi a munthu wakuda pa mgodi umodzi.

Koma oonera sanali nkhosa. Mai wina wofufuza za cikhalidwe ca anthu, Hortense Powdermaker wa ku Amereka, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo omuthandiza anali kulemba zimene anthu anali kunena poonera kanema m'komboni. Anapeza kuti anchito a pamgodi anali kukonda koposa makanema a anyamata okwera akavalo ndi oponya nkhonya, ndi kuti ngwazi iri yonse ya m'makanemawo anali kuicha Jack. Anthu anali kukuwa, kutsutsa ndi kumasulira zooneka pansalu monga mwa nzeru zao. Izi ndi zimene mphunzitsi wa kanema amaika patsogolo pa ophunzira ace, kuti adziwe kuti cithunzi cimakhala ndi mwini, ndi kuti woonera ali ndi ufulu wa kucifunsa.

Aphunzitsi a mitundu iwiri

Pa yunivesiti pali aphunzitsi a mitundu iwiri, ngakhale kuti onse amaima patsogolo pa kalasi limodzi-modzi ndipo ophunzira amawapatsa ulemu wofanana. Woyamba ndi wolembedwa mokhazikika kapena pa cipangano ca zaka zingapo. Iye amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, ngakhale pa nthawi ya chuthi. Ali ndi ofesi, ali ndi masiku opuma akadwala, amasungiridwa ndalama ya ukalamba, amapatsidwa nthawi yofufuza ndi kulemba mabuku, ndipo angathe kukwera mpaka kukhala pulofesa. Banki imamukhulupirira akafuna ngongole ya nyumba.

Waciwiri ndi wolembedwa kwa kanthawi. Iye amaitanidwa kuti aphunzitse phunziro limodzi kapena awiri kwa temu imodzi, mwina kwa caka cimodzi. Temu ikatha, cipangano catha. Ngati temu yotsatira ophunzira olembetsa phunzirolo acepa, kapena mwini malo wabwerako kumene anapita, saitanidwanso, ndipo palibe amene ayenera kumufotokozera cifukwa. Pa miyezi ya chuthi salandira kanthu. M'masukulu ambiri alibe ofesi, kotero kuti amakumana ndi ophunzira pakhonde kapena pansi pa mtengo, ndipo saitanidwa kumisonkhano kumene amakonza za maphunziro amene iye yemwe aphunzitsa.

Mlimi ali yense adziwa kusiyana kumeneku, pakuti ndi kusiyana kwa mwini munda ndi waganyu. Onse awiri amagwira khasu m'munda umodzi, ndipo wodutsa pamseu sangawasiyanitse. Koma wina adzakolola, pamene wina adzalandira mbale yace ya ufa tsiku lomwelo napita.

Maora amene sawerengedwa

Kulipira pa ora kumamveka kwacilungamo kufikira munthu ataona maora amene amawerengedwa. Mwa nthawi zambiri amawerenga maora okha amene mphunzitsi waima m'kalasi. Owerenga ayerekeze mphunzitsi amene wapatsidwa maora anai pa sabata. Asanaime m'kalasimo ayenera kuonera kanema amene adzaphunzitsa, ndipo kanema wamkulu amatenga maora awiri. Kumuonera kamodzi sikukwana: ayenera kubwereza, kuimitsa, kubwerera m'mbuyo ndi kulemba mmene cithunzi ciri conse cinajambulidwira. Pamenepo awerenge zimene akatswiri analemba, akonze makina oonetsera, ndipo akhale pamodzi ndi ophunzira pamene aonera. Akaphunzitsa mbali ya manja, ayenera kuperekeza ophunzira kokajambula ndi kukhala nao pa kompyuta pamene alumikiza zithunzi, nchito imene siyang'ana koloko. Pomaliza pali kuconga mayeso a kalasi lonse.

Motero maora anai a papepala angathe kukhala maora khumi ndi asanu kapena makumi awiri a thukuta. Ciri ngati waganyu wolipidwa pa mzere umene wapalira, koma khasu n'lace, mpini akasema yekha, ndipo ulendo wa kumundako ndi wa pa thumba lace. Mphunzitsi wa kanthawi nayenso amadzilipirira basi, intaneti, ndipo nthawi zina kompyuta imene aphunzitsira ndi yace-yace.

Palinso kucedwa kwa malipiro. Wolembedwa mokhazikika dzina lace liri kale m'buku la malipiro. Wa kanthawi ayenera kulemba fomu yoonetsa maora amene wagwira, fomuyo isainidwe ndi mkulu wa dipatimenti, ipite kwa mkulu wina, kenaka ku ofesi ya ndalama. Wosaina mmodzi akakhala paulendo, pepala limagona pa tebulo. Kumene zinthu ziyenda motere, munthu angathe kuphunzitsa temu yonse asanaone ngwee, pamene mwini nyumba afuna lendi pa tsiku loyamba la mwezi. Kuti akwanitse, ambiri amaphunzitsa m'masukulu awiri kapena atatu, kuthamanga uku ndi uko, ndipo Loweruka amajambula maukwati ndi zinamwali. Ena alinso ndi ngongole ya boma imene anaphunzirira, yoyembekeza kubwezedwa.

Mmene zinayambira ku Mangalande

Nchito ya kanthawi siinali yoipa nthawi zonse, ndipo mbiri ya phunziro lomweli ku Mangalande icitira umboni. Kumeneko mayunivesiti anakhala zaka zambiri akuona kanema ngati cosangalatsa ca anthu wamba, cosayenera kulowa m'kalasi. Khomo linatseguka mu 1960, pamene Thorold Dickinson anaitanidwa kukaphunzitsa za kanema pa Slade School of Fine Art, mbali ya University College London. Iye anali wopanga makanema wodziwika, amene mu 1946 anatulutsa Men of Two Worlds, nkhani yocitikira ku Tanganyika, ndipo anali atatsogolera nchito ya makanema ku United Nations. Mu 1967 anakhala pulofesa woyamba wa maphunziro a kanema m'dziko lonse la Britain.

Ngakhale zinali tero, mayunivesiti ena anali kukayikabe. Cotero m'zaka za m'ma 1970 bungwe la British Film Institute linapeza nzeru. Linauza mayunivesiti kuti lidzalipira mphunzitsi wa kanema kwa zaka zitatu, ndipo phunzirolo likaoneka kuti lagwira, yunivesiti idzasenze yokha malipirowo. Mwa njira imeneyi Robin Wood anayamba kuphunzitsa pa yunivesiti ya Warwick mu 1973. Iye anacoka mu 1977 kupita ku Canada, koma malo ace sanafe, ndipo pambuyo pace Warwick inakhala ndi dipatimenti yathunthu ya kanema ndi wailesi ya kanema. Charles Barr anafika pa yunivesiti ya East Anglia mu 1976 nakhalapo zaka 30.

Cofunika kuona pa nkhani imeneyi ndi cakuti kanthawi kameneko kanali ndi polekezera pace podziwika. Mphunzitsi anali kulandira malipiro athunthu, anali kudziwa zaka zimene wapatsidwa, ndipo anali kudziwa cimene cidzatsata akagwira bwino. Unali ngati mbeu ya pa nazale, imene imasamalidwa kwa kanthawi ndi colinga cakuti ikaokedwe m'munda.

Dziko la Zambia linayenda njira yofanana nayo. Pa nthawi ya ufulu mu 1964, eni dziko amene anali ndi digiri anali ongopitirira pang'ono pa 100. Pamene University of Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, anthu a m'midzi atasonkhako ndalama, nkhuku ndi zokolola, aphunzitsi ambiri anali alendo ocokera kunja, olembedwa pa cipangano ca zaka zowerengeka. Koma yunivesiti inakonza njira yosankha acinyamata a kuno amene anakhoza bwino, kuwatumiza kukaonjezera maphunziro, ndi kuwapatsa malo akabwerako. Alendo aja anali kusungira malo eni nthaka.

Ganyu wosatha

Cimene casintha m'maiko ambiri ndi cakuti nchito ya kanthawi yaleka kukhala mlatho, yasanduka mudzi wokhalamo. Bungwe la aphunzitsi a m'mayunivesiti ku Amereka, American Association of University Professors, linalengeza kuti mu 1987 aphunzitsi 47 pa 100 ali onse analibe nchito yokhazikika, koma pofika mu 2021 ciwerengeroco cinakwera kufika pa 68. Pafupi-fupi theka la aphunzitsi onse mu 2021 anali ogwira maora owerengeka cabe. Ku Britain, mphunzitsi mmodzi mwa atatu ali onse wakhala akugwira pa cipangano ca nthawi yoikika. Bungwe la anchito la University and College Union linacititsa sitalaka kangapo pakati pa 2019 ndi 2023, ndipo limodzi mwa madandaulo ace linali lomweli. Mu 2023 aphunzitsi ambiri anakana kuconga mayeso kwa miyezi ingapo, kotero kuti ophunzira ena anamaliza sukulu osadziwa zotsatira zao.

Ziwerengero zimenezi ndi za maphunziro onse, osati a kanema okha, ndiponso ndi za maiko olemera. Zionetsa kuti bvutoli silicokera ku umphawi wokha. Ndipo ziyenera kudziwika kumudzi, pakuti mabanja amene ali ndi mwana wophunzitsa ku London kapena ku Amereka amaganiza kuti iye asambira m'ndalama, pamene mwina nayenso ali pa ganyu yemweyo, m'dziko la cisanu ndi lendi yokwera.

Zifukwa zace si zobisika. Ophunzira acuruka kwambiri, koma ndalama zimene maboma apereka sizinakule mofanana. Mayunivesiti a eni, amene kuno kwathu acuruka kucokera m'zaka za m'ma 2000, amadalira ndalama za ophunzira, zimene zimakwera ndi kutsika caka ndi caka. Mphunzitsi wokhazikika ndi katundu wa zaka makumi atatu, pamene wa kanthawi angathe kusiyidwa temu iri yonse. Ndiponso amene amamaliza madigiri apamwamba ndi ambiri kuposa malo amene atseguka, kotero kuti wina akakana ganyuyo, wina ali kale pakhomo.

Phunziro la kanema limakhudzidwa koposa cifukwa ndi laling'ono. M'masukulu ambiri a mu Afirika lilibe nyumba yace-yace. Limakhala mlendo m'dipatimenti ya utolankhani, ya zisudzo kapena ya mabuku. Makamera ndi makompyuta ace ndi okwera mtengo, ndipo ndalama ikapita ku makina, yotsalira munthu imacepa. Akulu a sukulu amanenanso kuti kanema aphunzitsidwe ndi anthu amene amamupanga tsiku ndi tsiku. Mau amenewa ali ndi nzeru. Katswiri wa kamera amene ali ndi nchito yace ku wailesi ya kanema akabwera kawiri pa sabata, ophunzira amapindula, ndipo iye sataya kanthu pakuti mphika wace uli pa moto wina. Kwa wacinyamata amene wangomaliza kumene, temu imodzi kapena ziwiri zimamupatsa luso ndi dzina. Colakwika cimayamba pamene phunziro lofunika caka ndi caka lisenzetsedwa munthu amene alibe pena podalira, ndi kumulemba mwatsopano temu iri yonse kwa zaka zisanu kapena khumi.

Cimene dziko litaya

Akale anati mlendo ndi mame. Mphunzitsi amene sadziwa ngati adzakhalapo caka camawa sangayambe nchito yofuna zaka. Wophunzira amene wayamba naye kafukufuku angapeze kuti pomaliza womuyang'anira wapita, ndipo pofuna kalata yomucitira umboni sadziwa komufuna. Koma kutaya kwakukuru ndi kwa dziko lonse.

Makanema ambiri a Central African Film Unit, ojambulidwa m'midzi ndi m'makomboni a dziko lino, asungidwa ku nyumba yosungira zakale ku Harare. Alipo enanso amene Zambia Information Services inajambula pambuyo pa ufulu, oonetsa misonkhano, zionetsero za ulimi, magule ndi miyambo. M'zithunzi zimenezo muli nkhope za agogo a anthu amene ali moyo lero, mabvalidwe ao, nkhokwe zao ndi mayendedwe ao. Filimu yakale imaonongeka ndi cinyezi ndi kutentha, ndipo okalamba amene angathe kuloza cithunzi ndi kunena kuti uyu ndi uje, apa ndi pamudzi wakuti, ali kutha caka ndi caka. Kufufuza zimenezi, kuzilemba ndi kuzibwezera kwa eni ace ndi nchito ya munthu wokhazikika, wokhala ndi nthawi ndi malipiro.

Ndiponso makanema a Zambia sali a kale okha. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka ndi kukulira ku Wales, anatulutsa I Am Not a Witch mu 2017, nkhani ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, yojambulidwa kuno ndipo mbali zina m'ciNyanja. Mu 2018 kanemayo analandira mphotho ya BAFTA ku London, ndipo mu 2024 mai yemweyo anapatsidwa mphotho ya wotsogolera kanema waluso ku Cannes, m'dziko la France, cifukwa ca On Becoming a Guinea Fowl. Mu 2023 kanema wa Kenny Mumba wochedwa Can You See Us?, wonena za mwana wacialubino, anayamba kuonetsedwa pa Netflix m'maiko ambiri. Nkhani za ufiti, za maliro ndi za kusalana ndi nkhani za pakhomo pa munthu ali yense wa kumudzi. Zikamaphunzitsidwa m'makalasi a ku Ulaya, pamene kwao kwa nkhanizo wozidziwa athamangira basi kupita ku ganyu waciwiri, ndiye kuti alendo adzafotokozeranso eni dziko za moyo wao, monga mmene zinaliri pa nthawi ya lole ya ku Vugiri.

Lamulo likuti ciani?

Boma la Zambia linaletsa mu 2015 mcitidwe wolemba munthu monga waganyu pa nchito imene mwa cikhalidwe cace ndi yokhazikika, ndipo ciletso cimeneci cinalowanso m'lamulo lalikuru la za nchito la mu 2019, lochedwa Employment Code Act. Lamulo la 2019 linanena kuti munthu wolembedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo apatsidwe cipangano colembedwa. Linanenanso kuti wogwira pa cipangano copitirira miyezi 12 alandire pomaliza ndalama ya cithokozo yosacepera 25 pa 100 ya malipiro eni-eni, osawerengera maalawansi, amene analandira pa nthawi yonseyo. Palinso NAPSA, thumba la ukalamba limene wanchito amaponyamo 5 pa 100 ya malipiro ace, wolemba nchito ndi kuonjezapo 5 pa 100 inanso.

Mmene malamulo amenewa akhudzira cipangano ca temu imodzi zimadalira mau amene alembedwa m'cipanganomo. Cifukwa cace woitanidwa ku nchito yotere asayambe kuphunzitsa pa lonjezo la pakamwa, ngakhale womuitanayo akhale mphunzitsi wace wakale. Apemphe pepala, ndipo pepalalo linene tsiku loyamba ndi lomaliza, mtengo wa ora limodzi, ngati kuconga mayeso ndi kuonetsa kanema kuwerengedwa, tsiku lolandira malipiro, ndiponso ngati ndalama ya NAPSA idzaperekedwa. Asunge buku lace-lace la maora amene wagwira ndi cithunzi ca fomu iri yonse imene wapereka. Pamene mau ena samveka, ofesi ya za anchito, imene ambiri aicha ofesi ya Leba, iripo kuti ifotokoze. Afunsenso ngati bungwe la aphunzitsi pa sukulupo lilandira anthu a kanthawi, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mau kwa makolo

Makolo amene mwana wao wapeza nchito yotere ali ndi cifukwa ca kukondwera. Sukulu siitana munthu wopanda nzeru kuti aime patsogolo pa ophunzira ace. Koma asanakonze za malata a nyumba kapena kumutumizira ana a acibale kuti akawaphunzitse, amufunse mofatsa mafunso atatu: nchitoyo ndi ya miyezi ingati, malipiro amabwera liti, ndipo ikatha cidzatsata n'ciani. Mwana wocita manyazi amabisa zimenezi, nakongola ndalama ya katapira kuti atumize kumudzi ndi kusunga dzina. Ngongole yoteroyo imadya zaka zace zabwino. Thumba la ufa kapena la nshawa locokera kumudzi lingathe kumusunga pa miyezi ya chuthi, ndipo sicamanyazi kuti mphunzitsi wa pa yunivesiti alilandire.

Mwana nayenso adziikire malire. Ganyu wa zaka ziwiri amene amupatsa luso, nthawi yomaliza digiri yapamwamba ndi anthu omudziwa, ndi khwerero. Ganyu wa zaka zisanu ndi ziwiri, wopanda lonjezo lolembedwa, wafika poti munthu ayang'ane kwina, pakuti luso la kamera ndi la kulemba nkhani lifunidwanso ku mawailesi a kanema, ku mabungwe a zaumoyo ndi a zaulimi, ndi kwa opanga masewero. Kusiya kalasi pa cifukwa cimeneci si kulephera.

Ndipo kwa oyendetsa masukulu, citsanzo ca zaka zitatu zija cikalipo. Phunziro limene lioneka pa ndandanda caka ndi caka, ndipo ophunzira alilipira caka ndi caka, lasonyeza kale kuti ndi lokhazikika. Cotsala ndi cakuti wolisenza nayenso akhazikike. Anthu a m'midzi amene anasonkha nkhuku zao pomanga yunivesiti yoyamba ya dziko lino anali kufuna kuti ana ao akhale eni munda wa maphunziro, ndipo ali ndi ufulu wa kufunsa ngati zimenezo zacitika.